Ku Likoma n'kufupi kuposa kuchipatala kwa Kabudula

Ndemanga ya lero ikuyambira pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Kandege kakanyamuka pamenepo kulunjika ku chilumba cha Likoma, kamauluka makilomita oposa 200 pang'ono, ndipo pomatha ola limodzi kamakhala katatera. Mlendo amene wamwera tiyi ku Lilongwe amakadyera nkhomaliro pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe amishoni a Anglican adayamba kumanga mu 1903.

Eni chilumbacho ambiri kandegeko amangokaonera m'mwamba, chifukwa mtengo wake ndi wa alendo odzaona nyanja. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 14,000 m'boma la Likoma, kuphatikiza a ku Chizumulu komwe kulibe n'komwe bwalo la ndege. Iwowa amadalira maboti ndi Ilala, nkhalamba ya sitima yomwe yakhala panyanja chiyambire 1951. Kuchokera ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 70 okha, koma ulendowo umadya maola, ndipo mwera ukakalipa ngakhale wodwala amayamba wadikira kuti nyanja ikhale bata.

Kunja nako zoterezi ziliko. Pa chilumba cha St Helena m'nyanja ya Atlantic, komwe adafera Napoleon mu 1821, anthu ankatha masiku 5 pasitima kuchokera ku Cape Town. Ndege zonyamula anthu zidayamba kuterako mu 2017, ndipo lero ulendo wa makilomita pafupifupi 1,300 wopita ku chilumba chinzake cha Ascension ndi wa maola awiri basi. Zilumbazo sizidasendezedwe ayi. Boma lidangoika ndalama pomwe anthu ankavutikira.

Tsono tibwere kuno kumtunda, kwa Kabudula, komwe kulibe nyanja. Mwezi wa Januwale mvula yagwa usiku wonse. M'mudzi wina kuseri kwa Nsaru, mayi wapakati matenda amuyamba m'bandakucha. Amugoneka m'ngolo pa mphasa, apongozi agwirizira beseni ndi zitenje, ng'ombe zikuterereka m'matope. Afika padambo, apeza kamlatho ka mitengo kapita ndi madzi. Wakabaza amene amuimbira foni waima tsidya linalo, akungopukusa mutu. Kandege kaja kanyamuka ku Lumbadzi, katera ku Likoma, alendo atsitsa zikwama, mayi uja akadali tsidya lino. Akafika pachipatala cha Kabudula n'kuuzidwa kuti vutoli ndi lofunika kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ulendo wayambiranso.

Nanga pamenepa ali pachilumba ndani?

Sitikudana ndi ndege. Alendo a ku Likoma amasiya ndalama, ndipo achinyamata amapezerapo ntchito m'malo ogona alendo. Chomwe tikukana n'chakuti okonza mapulani aziyeza mtunda pamapu ali khale mu ofesi. Mlimi wa ku Nambuma amene lole ya feteleza yamutitimirira panjira sawerenga makilomita, amawerenga masiku omwe chimanga chake chakhala chikuyezuka.

Khonsolo ya boma la Lilongwe, aphungu ndi makhansala a madera amenewa, ndalama za chitukuko cha m'madera zilipo chaka ndi chaka. Pitani mukayende nokha misewu ya kumidzi yolowera kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Namitete, wotchi ili pamkono, ndipo milatho ya konkire imangidwe chilimwe chino mvula isanagwe.