Kalata ya Umboni ndi Unkhoswe

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu, lero tikambirane za kapepala kamene ambiri amakayesa mwambo chabe, ndiko kuti kalata imene mphunzitsi amalembera wophunzira wofuna kusankhidwa kuti azithandiza anzake maphunziro kukoleji.

Sabata yatha mdzukulu wanga wina, yemwe ali chaka chachitatu kukoleji, anafika kuno ku Chitawira nkhope ili yakugwa. Akufuna kumathandiza a chaka choyamba masamu, koma aphunzitsi amene anawapempha kalata anamuyankha kuti, "Malikisi ako ndikuwadziwa, koma iweyo sindikukudziwa." Tsono mwanayu anati, "Agogo, aphunzitsi amenewa munawaphunzitsa ndinu. Tangowaimbirani foni." Ine ndinakana, ndipo mtima wake sunatsikebe. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Makolo athu sankalemba makalata, koma ankadziwa kulemera kwa kuimira munthu. Mnyamata akafuna banja, ankhoswe ake, kawirikawiri amalume kapena mkulu wake, ndiwo ankapita kukamunenera. Nkhoswe sinali munthu wongodyerera mpunga tsiku la ukwati. Banja likavuta pakati pa usiku, chitseko chogogodedwa chinali chake. Kuchinamwali nakonso, phungu woyang'anira namwali ankakhala munthu amene anavinidwa kale, wodziwika kuti ndi wodekha ndi wosunga chinsinsi. Wolemba kalata ya umboni ndi nkhoswe, ndipo amene akumulemberayo akukakhala phungu wa anzake.

Zoti wophunzira aziphunzitsa mnzake sizinayambe lero. Andrew Bell anayesa njirayi pasukulu ya ana amasiye ku Madras, m'dziko la India, nalemba za iyo mu 1797. Joseph Lancaster anatsegula sukulu yotere ku London mu 1798. Amishoni amene anafika ku Blantyre mu 1876 nawonso ankadalira amonitala kuphunzitsa alifabeti m'masukulu a m'midzi. Ndipo ife amene tinali m'kalasi mu 1994, pamene maphunziro aulere a pulayimale anayamba ndipo ana anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, tikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mwana wanzeru ankakhala dzanja lachitatu la mphunzitsi. Koma ntchito imeneyi imakoma kapena kuipa malinga ndi amene mwamusankha.

Izi ndinaziphunzira ndi manyazi. Ndili mphunzitsi wamkulu, ndinalembera kalata mnyamata wina amene anakhoza bwino kwambiri mayeso a MSCE, kuti azikathandiza ophunzira a masana pasukulu ina. Bambo ake anali anzanga a kutchalitchi, ndipo ndinalemba kuti ndi wodekha ndisanamuonepo akufotokozera munthu ngakhale samu imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamatayo ankaseka aliyense wofunsa kawiri. Mtsikana wina anamuchititsa manyazi pagulu, ndipo anasiya masamu osabwereranso. Mnzanga amene analandira kalatayo sanandikalipire, anangoti, "Aphunzitsi, tinakhulupirira siginecha yanu." Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kuyambira tsikulo makalata anga ankawerengedwa ndi diso limodzi, ndipo ana abwino amene ndinawalembera pambuyo pake ndiwo analipira ngongole yanga.

Tsono inu aphunzitsi a m'makoleji, malikisi alembedwa kale papepala la zotsatira, safuna mboni. Chimene kalata yanu iyenera kunena ndi chimene maso anu anaona: kodi mwanayu amatha kufotokoza chinthu chimodzi m'njira ziwiri? Mnzake akalakwa, nkhope yake imatani? Akapanda kudziwa yankho, amavomera? Amasunga nthawi? Angasunge chinsinsi cha mnzake amene walephera mayeso? Ngati simunaone, musalembe, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ena anganene kuti mphunzitsi wa ophunzira mazana sangadziwe aliyense, ndipo kuti makalata otere amakomera ana olongolola ndi a mabanja odziwika, pamene mwana wofatsa wochokera ku Ndirande kapena ku Bangwe amatsala. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma mankhwala ake si kulemba bodza lofanana kwa onse. Muitaneni wopemphayo, mupatseni choko ndi ophunzira atatu kwa mphindi 15, inu mukhale kumbuyo. Mwana wa mphawi ndi mwana wa bwana amafanana akaima pabolodi. Foni ya agogo ndiyo imene ikanawasiyanitsa, ndipo n'chifukwa chake sindinaimbe.

Ndipo iwe mdzukulu wanga, aphunzitsi ako sanakukane, angokana kukunamizira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bwerera Lolemba, ukawapemphe kuti adzakuone ukuthandiza anzako. Akadzakulembera atakuona, kalatayo idzakhala yako ndithu, ndipo palibe adzanene kuti unalowera pawindo. Ukadzalandira ntchitoyo, uzikumbukira mtsikana uja amene kalata yanga inamuchotsa m'kalasi. Dzina lake ndimalikumbukirabe, ndipo lero akanakhala mayi wa msinkhu wa amayi ako.