Mafilimu athu salankhula ndi amayi anga

Loweruka lapitali sindinapite kuchinkhoswe cha mwana wa azakhali anga. Ndinanama kuti mutu ukundiwawa, ndinatseka makatani, n'kukhala pampando tsiku lonse ndikuonera mafilimu. Azakhali atandiimbira foni madzulo sanazungulire: "Iwe, sukulu yonse ija unaphunzira kuti uzigona masana ngati mphaka?" Ndinawapepesa chifukwa cha bodzalo, koma za ulesiwo ayi. Bambo amene amathera Loweruka lonse kubala akukuwira Arsenal palibe amamutchula waulesi, amati ndi wokonda mpira. Ine ndikakhala maola awiri ndikuonera Touki Bouki, filimu imene Djibril Diop Mambéty anapanga ku Dakar mu 1973, ndiye kuti ndasowa chochita?

Ndimakonda mafilimu opangidwa popanda chuma cha makampani akuluakulu a ku Hollywood, aja oyenda pang'onopang'ono, oti munthu amatha kuyang'ana phiri kwa mphindi yathunthu osalankhula kanthu. Tsiku limenelo, nditamaliza Touki Bouki ndinaika I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni wa ku Zambia, nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula kamene akukanamizira ufiti n'kukamangirira kansalu kumsana kuti kasauluke. Usiku ndinameza magawo asanu a sizoni ina yosafunika kuitchula, mpaka bandulo inatha. Ndinakagona ndikudziona ngati munthu wotsogola kwambiri.

Lamulungu ndi limene linandichotsa matama. Amayi anabwera kuchokera kumudzi chifukwa cha chinkhoswe chomwecho, ndipo anadzagona kwanga asanabwerere. Za mutu wanga sanafunse, ankadziwa. Titadya nsima ndinaika This Is Not a Burial, It's a Resurrection, filimu ya mu 2019 ya Lemohang Jeremiah Mosese wa ku Lesotho. Anthu a m'filimuyi amalankhula Chisotho, ndipo m'munsi mumadutsa mawu a Chingerezi. Amayi amawerenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo bwinobwino, koma Chingerezi chothamanga chotere sachigwira. Patapita mphindi zochepa anandifunsa kuti, "Kodi agogowa chawavuta n'chiyani?"

Ndinayamba kuwafotokozera. Agogowa ndi a Mantoa, amayi. Amuna awo anamwalira, ndipo amadikira mwana wawo yemwe amagwira ntchito kumigodi ya ku South Africa kuti abwere pa Khirisimasi, koma kwabwera uthenga woti wafa. Tsopano akungofuna kufa kuti akagone pafupi ndi abale awo. Koma boma likufuna kumanga damu, mudzi wonse usamuke, manda amizidwe m'madzi.

Amayi anakhala chete, kenaka anati amalume awo anapita ku Joni ndi Wenela iwo ali kamtsikana, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene anaikidwa. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Kuyambira pamenepo sindinalekenso, munthu aliyense akalankhula ine ndinkamulankhulira m'Chichewa, pena kuimitsa filimu kuti ndipeze mawu oyenera. Filimu ya maola awiri inatitengera pafupifupi atatu. Mary Twala, amene anasewera ngati Mantoa, anamwalira mu 2020, koma usiku umenewo amayi ankamuyankha ngati mnzawo wa kumpingo.

Ndili mkati molankhula ndinazindikira kuti ndikuchita ntchito imene ndakhala ndikuinyoza kwa zaka zambiri. Aliyense amene anayendapo mu Ndirande, ku Kawale kapena pamsika uliwonse wa m'mbali mwa msewu amazidziwa zisakasa zoonetsera mafilimu zija, sipika ili panja, mawu a mnyamata akumveka pamwamba pa filimu ya ku China, ya ku India kapena ya ku Nigeria, akumasulira m'Chichewa. Mafilimu ndi masizoni omasulira chotere amakopedwa mu memori khadi n'kufika kumidzi kumene nyuzipepala sizifika. Si kwathu kokha. Ku Uganda amawatchula ma VJ, ku Kenya kuli DJ Afro, ku Tanzania kunali malemu Lufufu. Ife ophunzira timawaseka. Timati amanama, amasintha mayina a anthu, amaika nthabwala pamene palibe nthabwala, msilikali wa ku Hong Kong n'kumupatsa mawu a kondakitala wa minibasi.

Zonsezo n'zoona, ndipo palinso china chachikulu: ambiri amatenga ntchito ya eni ake popanda chilolezo, osalipira ngakhale tambala. Sindikuikira kumbuyo kuba. Koma tiyeni tiwerengerane bwino. Anyamata amenewa, opanda digiri, opanda dikishonale, amasulira mafilimu osawerengeka m'chinenero chathu, ndipo anthu amalipira ndalama zawo za thukuta kuti awamve. Ine ndili ndi madigiri awiri, ntchito yanga ndi yomasulira, ndamasulira timabuku tambirimbiri ta mabungwe tonena za kusamba m'manja ndi kubzala mitengo, koma filimu sindinamasulirepo ndi imodzi yomwe. Ndiye waulesi weniweni ndani pamenepa? Azakhali analondola, kungoti anaphonya chifukwa chake.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mafilimu amene akanawakhudza kwambiri anthu ngati amayi ndi amene sawafika. Filimu ya ku Lesotho, dziko la m'chigawo chathu chomwechino, yonena za migodi imene inadya agogo athu, kuti ifike ku Lilongwe iyenera kudzera m'Chingerezi. Mawu a m'munsi aja amalembedwera oweruza a ku Venice, ku Cannes ndi ku Berlin, komanso anthu ngati ine amene timaonera pa laputopu titatseka makatani. Filimu ya Nyoni inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapata mphoto ya AMVCA ku Lagos chaka chomwecho, monga inachitira Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula mu 2016. Tinaombera m'manja pa Facebook. Koma funsani amayi ogulitsa tomato pamsika kuti filimu imene anaonera posachedwa ndi iti, adzakutchulirani ya karate yomasuliridwa ndi mnyamata wa pamsika pomwepo.

Wina anena kuti nanga The Boy Who Harnessed the Wind ija, si inali m'Chichewa? Inde, Chiwetel Ejiofor anabwera kudzajambula nkhani ya William Kamkwamba ku Kasungu konkuno, inatuluka pa Netflix mu 2019, ndipo anayesetsa kuphunzira chinenero chathu. Ulemu umupeze. Koma tonse amene tinaonera tikukumbukira kuti Lily Banda akalankhula tinkamva bwino, pamene ena akatsegula pakamwa maso athu ankathamangira m'munsi kukawerenga Chingerezi kuti timve Chichewa chathu chomwe. Chichewacho chinaikidwamo kuti chikomere khutu la mlendo, tanthauzo linali m'Chingerezi.

Ousmane Sembène anaiona kale nkhaniyi. Anali mlembi wa mabuku a m'Chifalansa, koma ataona kuti anthu ambiri a kwawo ku Senegal sangawawerenge, anakaphunzira kupanga mafilimu. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu, nkhani imene anali atailemba kale m'buku. Ife timamutchula tate wa mafilimu a mu Africa, timalemba za iye m'mapepala a ku yunivesite, koma chifukwa chimene ananyamulira kamera timachilumpha. Ku Uganda kuli chitsanzo china chimene ophunzira sakonda kuchitchula. Nabwana I.G.G. anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala, ndi ndalama zochepa kwambiri, ndipo filimuyi inafalikira dziko lonse ili ndi mawu a VJ Emmie pamwamba pake. Iye sanamuone VJ ngati mdani.

Choncho pempho langa kwa opanga mafilimu ndi amene amawapatsa ndalama ndi ili. Pa bajeti ya filimu iliyonse ya m'chigawo chino pazikhala ndalama yoikira mawu a pakamwa m'zinenero za oyandikana nawo. Ndikuti a pakamwa, chifukwa olembedwa m'munsi amasiya kunja agogo, ana ndi aliyense wowerenga pang'onopang'ono. Mawu a Chichewa okha angatumikire Blantyre, Chipata, Lusaka ndi Tete nthawi imodzi. Ndipo ntchitoyo musatipatse ife a madigiri tokha, tidzaiumitsa ngati chikalata cha kukhoti. Itanani anyamata a m'zisakasa aja, muwalipire, muwapatse chilolezo, mutikhazike pamodzi. Ine ndidzaonetsetsa kuti Mantoa asanene zimene sananene, iwo adzaonetsetsa kuti anthu asagone. Pamene filimu yakhala chete dala tidzakangana, chifukwa iwo amaopa bata ngati mliri, ndipo mkangano umenewo ndikuufuna.

Ena mwa anzanga adzati kuika mawu pamwamba pa filimu ya Mosese n'kuiononga, kuti kukongola kwake kuli m'kamvekedwe ka Chisotho ndi kulira kwa lesiba. Ndikuwamva, inenso ndimakonda kuimva momwe ilili, ndipo palibe akuwalanda imeneyo. Koma iwo ali ndi Chingerezi, laputopu ndi Loweruka lopanda ntchito. Akamati filimu isakhudzidwe, akunena kuti ikhale yawo okha.

Lolemba m'mawa ndikuwaperekeza kudepoti, amayi anatulutsa kafoni kawo m'chikwama n'kundipatsa. "Undiikiremo ya agogo aja, ndikawaonetse anzanga a Mvano." Ndinawauza kuti ndingathe kuikamo, koma mukhala Chisotho ndi Chingerezi chokha. Anandiyang'ana kanthawi, n'kufunsa kuti, "Nanga mawu ako aja sunawasunge?"