Mwana Wopindika Mapazi Asabisidwe M'nyumba

M'makomboni muli ana obadwa ndi mapazi opindikira m'kati amene makolo ao amawabisa m'nyumba cifukwa ca manyazi. Ena amati ndi ufiti, ena amaloza cala mai wa mwana. Zonsezi n'zabodza, ndipo pamene acibale ali kukangana, mafupa a khanda ali kulimba.

Bvutoli limagwera mwana mmodzi mwa ana pafupi-fupi 1,000 obadwa, ndipo limacizika. Khanda likafika msanga ku cipatala, a dokotala amaongola phazi pang'ono-pang'ono ndi pulasitala imene amasintha sabata iriyonse, kawiri-kawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pambuyo pace mwana amabvala nsapato zolumikizidwa ndi kacitsulo, makamaka usiku, kufikira zaka 4. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi: phazi likaoneka bwino amataya nsapato zija, ndipo limapindikanso.

Cipatala ca Beit CURE ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2006, cimathandiza ana otere kwaulere. Koma basi siri yaulere. Mai wogulitsa tomato pa msika wa Kapata ku Chipata sangakwanitse ulendo wotere ndi phindu la tsiku limodzi.

Ndalama za boma za Social Cash Transfer zimaperekedwa mowirikiza kawiri ku banja losauka limene liri ndi munthu wolemala kwambiri, koma mabanja ambiri sadziwa. Anesi a ku sikelo ndiwo amayamba kuona mapazi amenewa. Ayenera kupereka kalata ya ku cipatala cacikulu tsiku lomwelo, ndi kuuza mai kumene kuli ofesi ya Social Welfare asanacoke pa kiliniki.