NDANI ALERE MWANA?

Abale anchito, lamulo la 2019 lipatsa mai wobala masabata 14 opumula. Cabwino. Kuyambira 2022 sukulu za Boma nzaulere. Koma khanda la miyezi inai silipita kusukulu!

Mai wogulitsa m'sitolo pa Boma la Chadiza akabwerera ku nchito, alipira mlezi, agula mkaka wa m'citini, mwini nyumba nayenso afuna lendi. Catsala nciani? Ndico cace ena atenga kamtsikana kwa Mlolo kapena kwa Zingalume, kongolipidwa nsima ndi citenje, nikasiya sukulu.

Ife tikuti mai asasiye nchito, pakuti malo ace adzapatsidwa wina. Koma Khonsolo imange nyumba yolereramo makanda pafupi ndi msika, ndipo mtsikanayo abwerere m'kalasi.