Magetsi pa nthawi ya nkhondo: phunziro la ku Ukraine

Nkhondo ikabuka, maboma ambiri amaika pambali nkhani yosamalira chilengedwe, ati idzaonedwa mtendere ukabwerera. Dziko la Germany linachita zotero mu 2022: gasi wa ku Russia atasiya kufika, linayatsanso malo ena opangira magetsi ndi malasha. Koma dziko la Ukraine, kumene mabomba akugwa, laiona nkhaniyi mwa mtundu wina.

Mu Malichi 2022 asilikali a Russia analanda Zaporizhzhia, malo a nyukiliya aakulu koposa onse ku Ulaya. Kuyambira mu Okutobala chaka chomwecho, mizinga inayamba kulunjika pa malo opangira ndi kugawira magetsi, ndipo mu Epulo 2024 malo a Trypilska, amene ankaunikira chigawo cha Kyiv, anaphwasulidwa. Zinaonekeratu kuti malo amodzi aakulu akagwa, mizinda yathunthu imagona mumdima, zipatala n'kuvutika, mipopi n'kuuma.

Mu 2023, nkhondo ili mkati, kampani ya DTEK inatsegula makina 19 opanga magetsi ndi mphepo ku Tyligulska, m'chigawo cha Mykolaiv, otulutsa mamegawati 114. Makina omwazikana chotere mdani sangawathe ndi mzinga umodzi. Ena akaonongeka, otsalawo amazungulirabe. Mu Juni 2024 boma linavomereza ndondomeko yakuti pofika 2030, magawo 27 pa 100 aliwonse a mphamvu zimene dzikolo limagwiritsa ntchito azichokera ku dzuwa, mphepo, madzi ndi magwero ena osatha. Kumeneko magetsi osaononga chilengedwe asanduka nkhani ya chitetezo.

Komabe njirayi payokha siikwanira. M'nyengo yachisanu dzuwa limafooka, pamene mabanja amafunitsitsa kutenthetsa nyumba zawo. Motero Ukraine ikudalirabe malo atatu a nyukiliya otsala, komanso magetsi ogula ku mayiko a ku Ulaya.

Kuno kwathu kulibe nkhondo, koma kuipa kodalira malo amodzi tikukudziwa. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zigayo zinaima ndipo nsomba zinaola m'mafiriji. Malo a magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, ndi a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, ndi chiyambi chabe. Boma lichulukitse malo otere, pamodzi ndi mabatire osungira magetsi a usiku, tsoka lina lisanagwe.