Makina Amadziwa Masamu, Koma Sadziwa Kuti Nyaphiri Ndani

Masiku ano munthu akatsegula Excel kapena Google Sheets angathe kulemba funso m'mawu wamba, makina n'kumuyankha. Kampani ya Microsoft idalengeza wothandiza wake wotchedwa Copilot m'chaka cha 2023, ndipo Google nayo idaika Gemini m'mapulogalamu ake mu 2024. Poona zimenezi anthu ambiri, kuphatikizapo anzanga ena pasukulu pano, akuti nthawi yovutika ndi kuphunzira kasanthulidwe ka manambala yatha, popeza nzeru za makina zotchedwa AI zikuwerengera aliyense. Ine sindikugwirizana nawo. Ndikuona kuti munthu wosadziwa kusamala manambala ali pangozi yaikulu lero kuposa kale, chifukwa yankho lolakwika tsopano likumabwera msanga, lolembedwa bwino, ndiponso mopanda chikayiko. Pofuna kuonetsa zimenezi nditenga chitsanzo cha kwathu ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu m'dera la Mfumu Kaluluma, komwe mabanja ambiri amadalira fodya.

Kwa amene sadaionepo, spreadsheet ndi tsamba la pakompyuta logawidwa m'timabokosi ngati kope la masamu, kungoti lokha limaphatikiza, kuchotsera ndi kugawa zimene mwalembamo. Ngati pali anthu amene chida chotere chingawathandize, ndi alembi a makalabu a fodya. Alimi ang'onoang'ono ambiri amalembetsa ku Tobacco Commission ngati gulu, amatenga ngongole ya fetereza limodzi, ndipo mabelo awo amapita limodzi kumsika wa Chinkhoma, Kanengo kapena Mzuzu. Ndalama zikamafika zimakhala zitadulidwa kale: ngongole, mtengo wonyamulira, misonkho ndi zolipira kumsika. Chotsalacho ndiye mlembi ndi msungichuma agawire anthu, aliyense molingana ndi thukuta lake. Aliyense wokulira kudera la fodya akudziwa kuti pa tsiku logawana limeneli ndi pomwe zibale zambiri zimathera.

Ndiyambe ndi maina, poti apa ndi pamene maphunziro a chiyankhulo amatsegula maso. Ku Nkhamenya Chichewa ndi Chitumbuka zimakumana. Mayi mmodzi yemweyo wa mfunda wa Phiri, mlembi wolankhula Chichewa amulemba Naphiri, wolankhula Chitumbuka amulemba Nyaphiri, pamene pa chiphaso chake cha unzika pali dzina laubatizo lotsatana ndi la amuna ake. Onjezanipo nkhani ya l ndi r. M'Chichewa awiriwa sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amati r azibwera pambuyo pa e ndi i, koma kumudzi munthu amalemba momwe dzanja lamutengera: Chirwa lero, Chilwa mawa, Nyirenda patsamba ili, Nyilenda patsamba linalo. Kwa ife ameneyu ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta ndi anthu awiri osadziwana.

Tsono mukauza wothandiza uja kuti aphatikize makilogalamu a mlimi aliyense, mayi wathu uja agawika patatu ndipo ndalama zake zioneka zochepa. Mukachenjera n'kumuuza kuti aphatikize maina ofanana, angathe kutenga a Banda atatu osiyana n'kuwasandutsa munthu mmodzi, ndipo tonse tikudziwa kuti ku Kasungu a Banda sasowa. Mankhwala ake ngosavuta: membala aliyense akhale ndi nambala yakeyake yosasintha, ndipo kuwerengera konse kutsate nambalayo osati dzina. Koma nzeru imeneyi iyenera kukhala m'mutu mwa mlembi asadafunse funso. Makina sadapiteko kumaliro kapena kuchinkhoswe cha m'mudzimo kuti adziwe kuti Naphiri ndi Nyaphiri amagona nyumba imodzi.

Vuto lachiwiri lagona pa mawu akuti avereji. Tiyerekeze kuti mlimi wagulitsa mabelo awiri a fodya wa bale. Loyamba ndi la makilogalamu 100 ndipo lagulidwa pa $2.50 pa kilogalamu. Lachiwiri ndi la makilogalamu 40 a giredi yotsika, lagulidwa pa $1.00. Mukafunsa kuti avereji ya mtengo ndi chiyani, yankho lapafupi ndi kuphatikiza mitengo iwiriyo n'kugawa pawiri, zomwe zikupereka $1.75. Koma mlimiyu walandira $290 pa makilogalamu 140, kutanthauza pafupifupi $2.07 pa kilogalamu. Mayankho onse awiriwa ndi masamu oona. Limodzi likuyankha funso la mitengo yolembedwa pa mapepala, linalo funso la ndalama zolowa m'thumba. Kalabu ikagawana potsata loyambalo, wina adya za mnzake popanda wakuba aliyense. Wothandiza wabwino nthawi zina amasankha njira yoyenera, nthawi zina ayi, ndipo mlembi wosadziwa kusiyana kwake alibe podziwira kuti lero wapatsidwa iti.

Palinso timisampha tina timene Excel imatchera yokha. Nambala za foni za kuno zimayamba ndi 0, koma pulogalamuyi ikaona 0 kumayambiriro imamuchotsa pokhapokha mutaiuza kuti bokosilo ndi la mawu osati la masamu. Ife timalemba tsiku kenako mwezi, pamene ku America amayamba ndi mwezi, choncho 4/5 angakhale 4 Meyi kapena 5 Epulo malinga ndi momwe kompyutayo idatcheredwera. Wina angati n'zazing'ono. Koma fodya amagulitsidwa m'madola pamene fetereza amagulidwa m'makwacha, ndipo mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene angafunse makina ngati kalabu idapindula kwambiri mu 2024 kusiyana ndi mu 2023, osatchula za kutsika kwa kwachaku, auzidwa kuti phindu lidakwera, ndipo akhulupirira mpaka tsiku lokagula thumba la fetereza. Nanga chimanga chimene eni minda amapatsa matenanti pa ngongole? Chimalembedwa m'ndowa, m'zitini, m'matumba, mwina m'ngolo. Ngolo ya uyu si ngolo ya uyo. Makina adzaphatikiza ndowa 3 ndi matumba 2 n'kupeza 5, osafunsa kuti zisanu zachiyani.

Tisaganize kuti zoterezi zimagwera osaphunzira okha. Mu 2010 akatswiri awiri a zachuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, adalemba kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma cha dziko, chumacho chimasiya kukula bwino. Andale ambiri ku Ulaya ndi ku America adagwiritsa ntchito mfundoyi poikira kumbuyo kudula ndalama zothandizira anthu. Mu 2013 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, adapempha spreadsheet yawo n'kupeza kuti powerengera avereji adasiya kunja maiko asanu. Mu Okutobala 2020 akuluakulu a zaumoyo ku England adapeza kuti anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 sadalowe m'chiwerengero chifukwa mtundu wakale wa Excel umene ankagwiritsa ntchito udadzaza mizere. Chimene chimandisangalatsa pa nkhani ya Herndon n'chakuti sadatulukire masamu atsopano. Adangotsegula tsambalo n'kuyang'ana bokosi ndi bokosi.

Ndikudziwa chimene ena anganene: kodi mlembi wa kalabu ya ku Nkhamenya kompyuta aitenga kuti, nanga magetsi? Funsoli nloona, ndipo ndalama za intaneti nazo si zamasewera. Komabe Google Sheets imatseguka pa foni, ndipo achinyamata amene amaliza Fomu 4 n'kubwerera kumudzi ndi amene akusankhidwa kukhala alembi chifukwa amatha kulemba. Chinanso, luso limene ndikunenali silifuna magetsi kuti liphunziridwe. Lingayambire m'kope: mzere umodzi ukhale wa belo limodzi, danga lililonse likhale ndi mutu wake ndi muyeso wake, manambala asasakanizidwe ndi ndemanga, ndipo pamapeto pake chiwerengero chonse chifanane ndi cha pa pepala lochokera kumsika. Wozolowera zimenezi akadzapeza foni, wothandiza wa AI adzamupindulira zedi, chifukwa adzamulembera njira zowerengera zimene zikadamutengera masabata kuti aziphunzire. Iye adzatenga mabelo atatu kapena anayi, n'kuwerengera pamanja, kuona ngati zikugwirizana. Alangizi a zaulimi ndi mabungwe monga NASFAM ndi TAMA, amene amakumana kale ndi makalabu, akadaika phunziro lotere pambali pa la kasankhidwe ka magiredi.

Pali chenjezo lina. Tsamba la kalabu limakhala ndi maina, nambala za foni ndi ngongole za anthu. Kulikweza lonse pa intaneti kuti makina aliwerenge ndi kupereka zinsinsi za eni ake kwa kampani yakunja iwo osadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo apanso nambala ya membala ija ikuthandiza: maina atsale m'kope la mlembi, makina aone manambala okha.

Kwa ife a m'dipatimenti ya ziyankhulo, ndikudabwa kuti nkhaniyi timaisiyira a masamu ndi a kompyuta. Kusankha kalembedwe kamodzi ka dzina, kusiyanitsa matanthauzo awiri a liwu limodzi, kufunsa funso losasokoneza, zonsezi ndi zimene timaphunzira chaka ndi chaka. Chimene tikusowa ndi kuzolowera manambala, ndipo ambiri a ife tidathawira kuno pothawa masamu a ku sekondale. Ndikadakonda kuti pa maphunziro a kafukufuku, m'malo mongotiuza kuti tikasonkhanitse mawu m'midzi, atipatse buku lenileni la kalabu, maina atafufutidwa, tilikonze mpaka ligwirizane ndi pepala la kumsika, kenako tifunse makina m'Chingerezi ndi m'Chichewa tione pomwe mayankho asiyanire.