Amapuma ndani m'nyumba mwanu?

Mukafunsa Mkhristu wa m'tauni kuti moyo ukuyenda bwanji, yankho lake limakhala lakuti nthawi ikuchepa. Bambo amadzuka kusanache kuti akapeze minibasi anthu asanachuluke pa siteji. Mayi amaweruka kuntchito, kudzera kumsika, nafika pakhomo dzuwa litalowa kudzayamba ntchito yachiwiri ya kukhitchini. Ngakhale thupi litakhala pampando, foni ya m'manja siilola mtima kukhazikika. Uwu uthenga wa maliro, uwu wa chinkhoswe, uwu wa banki m'khonde, uwu wa komiti ya chitukuko cha pampingo, ndipo onsewo akufuna yankho lero lomwe. Timadandaula ndithu, koma mukamvetsera bwino mupeza kuti m'dandaulo lathulo mwabisala kunyada, pakuti munthu wotanganidwa timamuyesa munthu wofunika.

Mayina a masiku m'chinenero chathu nawonso amawerenga ntchito. Lolemba limatikumbutsa tsiku lolembedwa ntchito, Lachiwiri mpaka Lachisanu akungowerenga masiku a ntchitoyo, ndipo Loweruka ndi tsiku loweruka. Latsala limodzi, limene makolo athu atalandira Uthenga Wabwino adalitcha Lamulungu. Abale athu a mpingo wa Seventh-day Adventist amasunga Loweruka, ndipo mkangano wa tsiku sindiwo ndadzera lero. Funso langa ndi lakuti, tsiku lopumulalo likafika, amapuma ndani m'nyumba mwanu?

Lamulo la Sabata lidalembedwa kawiri m'mabuku a Mose, ndipo zifukwa zake n'zosiyana. Pa Eksodo 20 chifukwa chake ndi chilengedwe: Mulungu adagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi napuma lachisanu ndi chiwiri. Ndimeyi tidailoweza tili ana m'kalasi ya katekisimu. Koma pa Deuteronomo 5:12-15 chifukwa chake ndi ukapolo. Aisraeli akuuzidwa kuti akumbukire kuti adali akapolo ku Ejipito, ndipo chifukwa cha chimenecho aonetsetse kuti wantchito wamwamuna ndi wamkazi apume monga apumira mwini nyumba. Mwana, mlendo, ng'ombe ndi bulu, onse atchulidwa mayina. Lamuloli likulankhula kwa munthu amene ali ndi mphamvu yotuma ena, ndipo likumanga manja ake tsiku limodzi pa sabata.

Kumbukirani zimene Farao adachita Mose atapempha kuti anthu apite kuchipululu kukapembedza. Pa Eksodo 5 adawatcha aulesi, nawalanda udzu woumbira njerwa, koma chiwerengero cha njerwa sadachichepetse. Ife a dziko lino nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Agogo athu a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje adalawa thangata m'minda ya azungu, kumene munthu ankalipira malo okhalapo ndi thukuta lake, nthawi zambiri m'nyengo imene munda wake womwe unkafuna khasu. Thangata lidali limodzi mwa madandaulo amene adabala kuukira kwa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915. Chodabwitsa n'chakuti zidzukulu za anthu amenewa lero tikudzikusira tokha njerwa zopanda udzu, ndi kukusiranso ena.

Taonani m'mawa wa Lamulungu m'mabanja ambiri opemphera. Bambo avala suti yositidwa bwino, ana awala, banja lakwera galimoto kapena kabaza kupita ku tchalitchi. Adasita sutiyo ndani? Mtsikana wantchito, amene mwina adatengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, adadzuka woyamba kutenthetsa madzi, ndipo watsala kunyumba kuti banja likamabwera lipeze nsima ndi nkhuku zili patebulo. Pamene abwana ake akuimba za mpumulo wa kumwamba, iye ali pamoto. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndiponso kuti wantchito asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24 athunthu. N'zomvetsa manyazi kuti lamulo la boma lichite kukumbutsa Akhristu zimene Deuteronomo adanena kalekale. M'nyumba mopanda wantchito, katundu yenseyo amagwera mayi ndi ana aakazi, ndipo palibe amene amawerenga maola awo.

Mpingo nawo uli ndi mlandu pa nkhaniyi. Taonani zolengeza za tsiku la Mulungu, zimene m'mipingo ina zimatalika kuposa ulaliki. Lolemba komiti, Lachiwiri mapemphero a kumlaga, Lachitatu kwaya, Lachinayi amayi, Lachisanu mapemphero a usiku wonse, Loweruka ukwati kapena ntchito ya chitukuko, Lamulungu mapemphero awiri, kenako msonkhano wa akulu ampingo mpaka dzuwa kupendeka. Chilichonse mwa izi n'chabwino pachokha, koma paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mayi wokhulupirika angathe kukhala pa tchalitchi masiku asanu pa sabata osapeza ola limodzi lomva mmene mwana wake wachinyamata akuvutikira kusukulu. Akajomba kamodzi timamufunsa ngati wafooka m'chikhulupiriro. Marita wa ku Betaniya, pa Luka 10, ankatumikira Ambuye mwini wake, ndipo ntchito yakeyo idali yofunika, pakuti alendo amadya. Chimene Yesu adadzudzula ndi nkhawa imene idamulekanitsa ndi Mlendo amene ankamuphikirayo, namuyambanitsa ndi m'bale wake.

Wina anena kuti, abusa, kupuma ndi kwa anthu a malipiro a pamwezi. Wogulitsa tomato pamsika, wa kabaza, wa ganyu, akapuma tsiku limodzi ana agona ndi njala. Mawuwa ndi olemera ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Ngakhale mfumu Constantine, pokhazikitsa lamulo lakuti anthu a m'mizinda ya ufumu wa Roma azipuma Lamulungu m'chaka cha 321, adalola alimi kupitiriza ntchito za kumunda, poopa kuti nyengo yabwino yofesa ingawadutse. Komabe Eksodo 34:21 salola zimenezi: amatchula nyengo yolima ndi yokolola, nthawi imene mlimi ali ndi zifukwa zonse zokanira kupuma. Lamuloli lidaperekedwa kwa anthu osauka amene adali atangophunzira m'chipululu kuti mana osungidwa mwadyera amagwa mphutsi, koma otoleredwa kukonzekera Sabata sankawola. Ndiye sindingathe kuloza chala mayi wamasiye amene wayala malonda ake Lamulungu masana. Yesu yemwe adaphunzitsa pa Marko 2 kuti Sabata lidaikidwa kuti lithandize munthu. Chala chiyenera kuloza ife amene tingathe kupuma koma sitifuna, ndi ife amene malipiro ochepa amene timapereka ndiwo amaletsa ena kupuma.

Thupi nalo limasunga kaundula wake. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi loona za ntchito la ILO adalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 adamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ife abusa timayenda m'zipatala ndi m'maliro, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi timawamva kawirikawiri, ngakhale pakati pa anthu a zaka makumi anayi. Mneneri Eliya atatopa kufikira kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sadamupatse ulaliki. Adamupatsa mkate ndi madzi, namulola kugonanso. Mawu a Mulungu adadza pambuyo pake pa phiri la Horebu, mphepo, chivomezi ndi moto zitadutsa, ndipo adadza mwakachetechete.

M'chaka cha 1979 katswiri wa zaumulungu wa ku Japan, Kosuke Koyama, amene adatumikirapo ku Thailand, adatulutsa buku lotchedwa Three Mile an Hour God. Mfundo yake idali yakuti Mulungu amayenda pa liwiro la munthu woyenda pansi, pafupifupi makilomita asanu pa ola, chifukwa limenelo ndilo liwiro la chikondi. Werengani Marko 5 muli ndi mfundoyi m'maganizo. Yesu ali paulendo wachangu kupita kunyumba ya Yairo, kumene mwana ali kayakaya. Khamu likumupanikiza mbali zonse, koma Iye azindikira kuti wina wakhudza chovala chake, naima, nafunafuna mayi amene adadwala zaka khumi ndi ziwiri, namvetsera nkhani yake yonse. Ophunzira adaona khamu, Iye adaona munthu mmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wanu amene wasiya kulankhula pa chakudya chamadzulo, kapena mkazi wanu amene wayamba kuyankha ndi mawu amodzi, ali ngati nkhono imeneyo, ndipo sangatulutse maso ake kwa munthu amene dzanja lina lili pa foni.

Ndikudziwa kuti mpumulo umasokonezeka. Pa Marko 6 Yesu adaitana ophunzira ake kuti apite kwa okha akapume, popeza adalibe ngakhale mpata wa kudya, koma khamu lidawatsogolera ndipo adalichitira chifundo. Maliro sapangana tsiku, ndipo mlendo sabwezedwa pakhomo. Koma madzulo a tsiku lomwelo adabalalitsa khamulo nakwera phiri yekha kukapemphera.

Choncho pempho langa likupita poyamba kwa abusa anzanga ndi akulu ampingo. Pokonza kalendala ya chaka, siyani Lamulungu limodzi pa mwezi lopanda msonkhano uliwonse mapemphero akatha, ndipo zolengeza zimene zingalembedwe pa bolodi zilembedwe. Kwa eni nyumba, ndiwo za Lamulungu zingathe kuphikidwa Loweruka madzulo, ndipo bambo ndi anyamata ali ndi manja otsukira mbale. Mtsikana wantchito apite kukapemphera kumpingo kwake, ngakhale utakhala wosiyana ndi wanu, ndipo masana onsewo akhale ake, osadulidwa malipiro. Mafoni aikidwe m'chipinda pa nthawi ya chakudya. Amene akufunani pa nkhani yoopsa adzaimbanso, ndipo uthenga wa banki m'khonde mudzaupeza pomwepo Lolemba m'mawa.